Makolo Akasowa m'Mabuku a Kaunti: Kufufuza Mbiri ya Banja ku America Kumene Malire Ankasuntha

Pali vuto limodzi limene limabwerezabwereza kwa aliyense amene akulondola mzere wa makolo a banja la ku United States, kaya ndi banja lake lenileni kapena banja limene anakwatirako. Munthu amakhala ndi umboni wooneka wokwanira wakuti gogo wina anabadwira pamalo akutiakuti, analima pomwepo mpaka ukalamba, ndipo manda ake alipo mpaka lero, koma akalembera kalata ku khoti la kaunti imene malowo akupezeka masiku ano, kalaliki amayankha kuti dzinalo mulibe m'mabuku ake, kapena kuti buku lake loyamba linatsegulidwa patapita zaka zambiri kuchokera pa chaka chimene chikufunsidwacho. Ambiri akafika apa amagwa ulesi n'kuganiza kuti nkhani imene anamva kwa akuluakulu inali yopeka, ndipo ena amachita choipa kuposa pamenepo, chifukwa amatola munthu wina wa dzina lofanana m'kaunti yoyandikana n'kumulumikiza ku banja lawo. Nthawi zambiri nkhani ya akuluakuluyo imakhala yoona, ndipo kalalikiyo sananame. Chimene chinasuntha ndi malire.

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo zigawozo zinagawidwa m'makaunti oposa 3,000. Kaunti ndi kaboma kakang'ono kokhala ndi khoti lake ndi kalaliki wake, ndipo m'zigawo zambiri kumeneko ndi kumene kunkalembedwa zogulitsana malo, mawilo (zikalata zimene munthu amalemba zonena mmene chuma chake chidzagawidwire akamwalira), chuma cha masiye, zilolezo za ukwati, misonkho ndi milandu. Makauntiwa sanayambe onse tsiku limodzi. Pamene atsamunda ndi ana awo ankalowera kumadzulo n'kumalanda malo a eni nthaka, nyumba ya malamulo ya chigawo inkayamba yakhazikitsa kaunti imodzi yaikulu kwambiri, ndipo anthu akachuluka n'kuyamba kudandaula kuti khoti lili kutali moti ulendo wa pa hatchi ukuwatengera masiku, kauntiyo inkadulidwa pawiri kapena patatu, ndipo zidutswazo nazonso zinkadulidwanso pakapita zaka zochepa. Zikufananako ndi munthu wobadwira ku Balaka mu 1990, amene mapepala ake akale amati anabadwira m'boma la Machinga, popeza Balaka anakhala boma payekha mu 1998. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America malo amodzi ankatha kusintha boma kanayi kapena kasanu munthu mmodzi ali moyo.

Lamulo limene limamasula pafupifupi mfundo zonse za vutoli ndi lakuti chikalata chimatsala kumene chinalembedwa. Kaunti yatsopano ikabadwa, inkagula mabuku atsopano n'kuyamba pa tsamba loyamba, ndipo mabuku akale ankatsala ku khoti la kaunti yakale ngakhale kuti malo amene akutchulidwa m'mabukumo achoka m'manja mwake. Alipo makaunti ena amene anatumiza munthu kukakopera zikalata za malo kuchokera ku kaunti yakale, koma zimenezi sizinkachitika paliponse, ndipo okoperawo ankalumpha mawilo, maukwati ndi milandu. Choncho kufunsa kuti malowa ali m'kaunti iti lero sikuthandiza kwenikweni. Funso lothandiza ndi lakuti: pa tsiku limene chinthucho chinachitika, ndi khoti liti linali ndi ulamuliro pa nthaka imeneyo?

Banja likuoneka ngati linkasamukasamuka

Chizindikiro choyamba chakuti mwakumana ndi vuto la malire ndi banja limene m'zolemba zanu likuoneka ngati silinkakhazikika, pamene nkhani ya pakamwa ikuti linakhala pamalo amodzi. Taganizirani banja limene linafika ku Boonesborough, mudzi wa mpanda umene Daniel Boone ndi anzake anamanga mu 1775 kum'mwera kwa mtsinje wa Kentucky. Chaka chimenecho, malinga ndi malamulo a Virginia, malowo anali m'kaunti ya Fincastle, imene inadulidwa kuchokera ku Botetourt mu 1772. Kumapeto kwa 1776 Fincastle inathetsedwa n'kugawidwa patatu, kukhala Montgomery, Washington ndi Kentucky, ndipo banjalo linapezeka lili m'kaunti ya Kentucky, m'chigawo cha Virginia. Mu 1780 kaunti ya Kentucky nayo inathetsedwa n'kubala Jefferson, Fayette ndi Lincoln, ndipo Boonesborough anagwera ku Lincoln. Pofika mu 1786 kaunti ya Madison inali itadulidwa kuchokera ku Lincoln, ndipo pa 1 Juni 1792 Kentucky inakhala chigawo pachokha. M'zaka 17 zokha banjalo lakhala m'makaunti anayi ndi zigawo ziwiri, likutunga madzi pamtsinje womwewo.

Kwa wofufuza, tanthauzo lake ndi lakuti wilo yolembedwa mu 1783 ikafunidwe ku Stanford, likulu la kaunti ya Lincoln, pamene ukwati wa mwana wa m'banja lomwelo wa mu 1790 ukafunidwe ku Richmond wa ku Kentucky, likulu la Madison, osati Richmond wa ku Virginia. Mabuku a kaunti ya Fincastle, imene inatha kalekale, anatsala m'manja mwa kaunti ya Montgomery ku Christiansburg, m'chigawo cha Virginia. Pano pali msampha umene wakola anthu ambiri, chifukwa tauni yotchedwa Fincastle ilipo mpaka lero, koma ndi likulu la kaunti ya Botetourt, ndipo amene angapite kumeneko potsata dzina lokha adzapeza mabuku a Botetourt.

Njira yodalirika yosiyanitsira banja limene linasamukadi ndi banja limene malire analidumpha ndiyo kuyang'ana anansi. Tengani ndandanda ya okhoma msonkho ya chaka chomaliza chimene gogoyo akupezeka m'kaunti yakale, mulembe mayina a anthu khumi kapena kuposerapo amene ankakhala naye pafupi, amene ankachita naye malire a minda kapena kumuikira umboni pa zikalata, kenako muwafune m'ndandanda ya chaka chotsatira. Ngati onse asowa nthawi imodzi m'kaunti yakale n'kutulukira limodzi m'kaunti ina imene yangokhazikitsidwa kumene, palibe amene anamanga katundu. Ngati wasowa yekha anzake onse atatsala, mwina anamwalira, mwina anakalamba n'kuchotsedwa pa msonkho, mwinanso anasamukadi, ndipo limenelo ndi vuto lina lofunika njira zina.

Pezani kaye nthaka, dzina la kaunti libwera pambuyo

Simungathe kudziwa makhoti amene analamulira malo ngati malowo simunawaloze pa mapu. Ntchito imeneyi ndi yosavuta m'zigawo 30 zimene malo ake anagulitsidwa koyamba ndi boma lalikulu la dziko, monga Indiana, Illinois, Missouri, Alabama ndi zambiri za kumadzulo, chifukwa lamulo la mu 1785 linakhazikitsa kayezedwe ka malo m'mabokosi. Bokosi lalikulu, lotchedwa township, ndi mamailosi asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo lili ndi tizigawo 36 totchedwa section, kalikonse ka maekala 640. Manambala a section, township ndi range (mzere wa matownship umene bokosilo lilimo) amene ali pa chikalata cha malo sasintha ngakhale kaunti itasintha kangati, ndipo zikalata zoyamba zimene boma linapereka kwa ogula zikupezeka kwaulere pa intaneti kudzera ku Bureau of Land Management, nthambi ya boma lalikulu yoyang'anira malo. Chenjezo n'lakuti dzina la kaunti limene makina ofufuzira amaonetsa pambali pa chikalata nthawi zambiri ndi la kaunti ya lero.

M'zigawo zakale za kum'mawa, kuphatikizapo Virginia, North Carolina, Pennsylvania, Kentucky ndi Tennessee, malo ankayezedwa potsata zinthu zooneka ndi maso. Chikalata chimati malire akuyambira pa mitengo iwiri ya oak m'mbali mwa kamtsinje, n'kulowera kumpoto chakum'mawa mtunda wakuti mpaka pa mwala, n'kutsata malire a munda wa uje. Mitengoyo inagwa kalekale, koma kamtsinjeko kalipo, ndipo dzina la mtsinje ndi chinthu chamtengo wapatali kwambiri m'chikalata chotere kuposa dzina la kaunti. Lembani dzina la mtsinje uliwonse, phiri, mpata wa mapiri, chigayo, tchalitchi kapena doko lowolokera limene latchulidwa, muwafune m'kaundula wa mayina a malo wa Geographic Names Information System, amene amasungidwa ndi United States Geological Survey, ndipo mukumbukire kuti mayina onga Mill Creek kapena Beaver Creek amapezeka kambirimbiri m'chigawo chimodzi, choncho mtsinje waukulu umene kamtsinjeko kamathiramo ndi umene ungakutsimikizireni.

Malo akalozedwa, tsegulani Atlas of Historical County Boundaries, ntchito ya Newberry Library ya ku Chicago imene inamalizidwa mu 2010 ndipo ikupezeka kwaulere pa intaneti. Imaonetsa malire a kaunti iliyonse pa tsiku lililonse limene mungasankhe, ndipo ili ndi ndandanda ya kusintha konse pamodzi ndi lamulo limene linabweretsa kusinthako. Ine ndimaona kuti ndandandayo ndi yofunika kuposa mapu ake, chifukwa ili ndi masiku enieni ndipo imatchula ngakhale kusintha kwakung'ono, pamene kachidutswa ka malo kanachotsedwa ku kaunti ina n'kupatsidwa ku inzake popanda kubadwa kaunti yatsopano. Mabuku ambiri othandiza ofufuza amangotchula kaunti imene inabala inzake, ndipo tizidutswa totere amatisiya, pamene banja lokhala m'mphepete mwa malire ndi limene limakhudzidwa ndi tizidutswato. Lembani pa pepala limodzi mndandanda wa makaunti onse amene analamulirapo malowo, chaka ndi chaka, ndipo pepala limenelo likhale pambali panu nthawi yonse imene mukufufuza.

Mwapeza kaunti yoyenera koma chikalata palibe

Apa choyamba kukayikira ndi tsiku. Tsiku limene lamulo lokhazikitsa kaunti linavomerezedwa si tsiku limene khoti lake linayamba kugwira ntchito. Kaunti ya Augusta ku Virginia inakhazikitsidwa pa pepala mu 1738, koma khoti lake linakhala pansi koyamba mu 1745, ndipo m'zaka zapakatizo anthu a kumeneko ankaoloka mapiri a Blue Ridge kukalembetsa zinthu zawo ku kaunti ya Orange. Kaunti ya Frederick, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo lomwelo, inayamba ntchito mu 1743. M'zigawo za kumadzulo zinali zofala kuti kaunti ijambulidwe pa mapu n'kupatsidwa dzina anthu asanachuluke, kenako n'kuikidwa pansi pa khoti la kaunti ina mpaka itakhala ndi anthu okwanira kusankha akuluakulu ake, ndipo kaunti yoisungirayo nthawi zina sinali imene inaibala.

Tsiku limasokonezanso mbali inayo. Chikalata chogulitsirana malo chinkatha kulembedwa chaka china n'kusungidwa m'bokosi kunyumba, ndipo chinkapita kukhoti patapita zaka khumi kapena makumi awiri, pamene ana akufuna kugulitsa malowo. Pofika nthawiyo malowo ali m'kaunti yatsopano, choncho chikalata cha mu 1795 chikupezeka m'buku la mu 1815 la kaunti imene mu 1795 kunalibe. Mlandu umene unayambira m'khoti lakale kawirikawiri unkathera komweko, ndipo kugawa chuma cha masiye kumene kunatenga zaka kukhoza kukhala ndi mapepala m'makhoti awiri. Pa chifukwa chimenechi, fufuzani m'makaunti onse awiri, yakale ndi yatsopano, kwa zaka zingapo kutsogolo ndi kumbuyo kwa tsiku limene malire anasintha.

Nkhani ya banja la Abraham Lincoln, yemwe anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, imaonetsa mavuto angapo otere pamodzi. Iye anabadwa pa 12 Febuluwale 1809 m'kaunti ya Hardin ku Kentucky, koma malo amene anabadwirawo lero ali m'kaunti ya LaRue, imene inakhazikitsidwa mu 1843, ndipo amene angafune misonkho kapena milandu ya malo ya bambo ake, Thomas Lincoln, ya zaka zimenezo ayenera kupita ku Elizabethtown, likulu la Hardin. Banjalo litasamukira ku Indiana kumapeto kwa 1816 linakhazikika m'kaunti ya Perry, ndipo mu 1818 malo omwewo anagwera m'kaunti yatsopano ya Spencer. Koma chikalata cha ukwati wa Thomas Lincoln ndi Nancy Hanks, wa pa 12 Juni 1806, sichinasowe chifukwa cha malire. Anthu ankachifuna ku Hardin osachipeza, mpaka mphekesera zinafala zakuti awiriwo sanakwatirane mwalamulo, ndipo chinadzapezeka Lincoln atamwalira kale, ku Springfield m'kaunti ya Washington, kumene mkwatibwi ankakhala. Ukwati nthawi zambiri unkalembetsedwa kwawo kwa mkazi, choncho pepala lanu la makaunti liyenera kukhala ndi mzere wachiwiri wa malo a banja la mkaziyo.

Pamene chigawo chenicheni chasintha

Chigawo chikadulidwa, zikalata zimagawanika m'njira imene ofufuza ambiri saiganizira. Mabuku a kaunti amatsala ku khoti la kaunti ndipo amalowa m'chigawo chatsopano pamodzi ndi kauntiyo, koma zonse zimene zinatumizidwa ku likulu la chigawo chakale zimatsala ku likulu lakalelo. West Virginia inapatukana ndi Virginia pa 20 Juni 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Munthu wa ku Wheeling, m'kaunti ya Ohio (imene ilibe chochita ndi chigawo cha Ohio chimene chili tsidya lina la mtsinje), zikalata zake za malo ndi ukwati za mu 1840 zili ku Wheeling komweko, koma chikalata choyamba chimene boma la Virginia linapereka pa malowo, makope a misonkho amene ankatumizidwa ku likulu kuyambira mu 1782, ndi madandaulo amene anthu ankasainira popempha msewu kapena kaunti yatsopano, zili ku Library of Virginia mumzinda wa Richmond. Chimodzimodzi Maine, imene inali mbali ya Massachusetts mpaka mu Malichi 1820, zambiri za asilikali ake a nkhondo yomenyera ufulu zili ku Boston, likulu la Massachusetts, ndipo Tennessee, imene inali mbali ya North Carolina mpaka mu 1790 ndipo inakhala chigawo mu 1796, zikalata zake zoyambirira za malo zambiri zinachokera ku boma la North Carolina ndipo zimafunidwa ku Raleigh.

Kalembera amawonjezera chisokonezo. Kuyambira mu 1850 wolemba kalembera ankafunsa chigawo chimene munthu aliyense anabadwira, ndipo kuyambira mu 1880 ankafunsanso kumene makolo ake anabadwira. Munthu wobadwira ku Wheeling mu 1845 amalembedwa kuti Virginia mu 1850 ndi mu 1860, koma mu 1870 kapena 1880 akhoza kulembedwa Virginia kapena West Virginia, malinga ndi mmene woyankhayo kapena wolembayo anaganizira tsikulo. Amenewa si anthu awiri, ndipo mayankho onsewo ndi oona. Mukamafufuza pa intaneti, musakakamize makina kuti akupatseni chigawo chimodzi chokha chobadwira, chifukwa adzakubisirani theka la zotsatira.

Povuta kwambiri ndi pamene maboma awiri ankalimbirana malo amodzi, lililonse n'kumatsegula khoti lake. Dera lozungulira Pittsburgh linali lotero m'zaka za m'ma 1770. Pennsylvania inakhazikitsa kaunti ya Westmoreland mu 1773, pamene Virginia inkati dera lomwelo ndi lake ndipo mu 1776 inaligawa m'makaunti a Yohogania, Monongalia ndi Ohio. Anthu oyandikana nyumba ankatha kupita ku makhoti osiyana, wina wa Pennsylvania wina wa Virginia, malinga ndi mbali imene ankaikonda kapena imene inkagulitsa malo motchipa. Mbali ziwirizo zinagwirizana mu 1779 kuti mzere wa Mason ndi Dixon, womwe unali malire a kum'mwera kwa Pennsylvania, utalikitsidwe kumadzulo, ndipo gawo lalikulu la Yohogania linakhala la Pennsylvania, moti mabuku a khoti la kaunti ya Virginia imeneyi anatsala m'kaunti ya Washington ku Pennsylvania. Pakati pa Kentucky ndi Tennessee panalinso mkangano wofanana, chifukwa mzere umene Thomas Walker anayeza mu 1779 ndi 1780 unapatukira kumpoto kwa pamene unayenera kudutsa. Pa mgwirizano wa mu 1820 mzere wa Walker unavomerezedwa kukhala malire kum'mawa kwa mtsinje wa Tennessee, koma Kentucky inasunga ufulu wopereka malo opanda eni m'kachigawo kolimbiranako, ndiye chifukwa chake banja lokhala kumpoto kwenikweni kwa Tennessee likhoza kukhala ndi chikalata cha malo chosungidwa ku Frankfort, likulu la Kentucky.

Kaunti imene yatchulidwa kulibe pa mapu, kapena ili kwina

Nthawi zina kaunti inangosinthidwa dzina ndipo mabuku ake anapitirira osaduka, monga Dunmore ya ku Virginia imene inatchedwa Shenandoah mu 1778 anthu atanyansidwa ndi bwanamkubwa wa Britain amene dzinalo linkalemekeza. Nthawi zina inamezedwa ndi mzinda, ndipo zimenezi n'zofala ku Virginia kumene mizinda 38 ndi yoima payokha, siili m'kaunti iliyonse, ndipo yambiri mwa iyo ili ndi makhoti ake. Kaunti ya Princess Anne inalowa mumzinda wa Virginia Beach mu 1963, kaunti ya Norfolk inakhala mbali ya mzinda wa Chesapeake chaka chomwecho, ndipo Nansemond inathera mumzinda wa Suffolk mu 1974. Mabuku a kaunti ya Norfolk ali ku Chesapeake, osati kumzinda wa Norfolk.

Choopsa kwambiri ndi dzina limene linafa n'kudzagwiritsidwanso ntchito kwina. Virginia inali ndi kaunti ya Rappahannock kuyambira mu 1656 mpaka mu 1692, chakumunsi kwa mtsinje wa dzina lomwelo, ndipo itathetsedwa inabala makaunti a Essex ndi Richmond, mabuku ake n'kutsala ku Essex. Mu 1833 kaunti ina yotchedwanso Rappahannock inadulidwa kuchokera ku Culpeper, kumtunda m'tsinde mwa mapiri a Blue Ridge. Munthu amene anamwalira mu 1680 alibe chochita ndi kaunti yachiwiriyi, koma mapulogalamu a pakompyuta osungira mbiri ya mabanja amakonda kumuponya kumeneko, ndipo cholakwikacho chimakoperedwa kuchoka pa mzere wa banja lina kupita ku lina mpaka chimaoneka ngati choona chifukwa cha kuchuluka kwa ochibwereza. Dzina la Washington nalo lili pa makaunti a m'zigawo 30, choncho kalata yakale imene ikungoti kwathu ndi ku Washington sinanene chilichonse mpaka mutadziwa chigawo ndi chaka.

Ku New England, zigawo za kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, nkhani ndi yosiyana pang'ono, popeza kubadwa, ukwati ndi imfa zinkalembedwa ndi kalaliki wa tauni, ndipo ku Connecticut, Rhode Island ndi Vermont zikalata za malo nazonso zimasungidwa ndi tauni. Kumeneko tsatani kugawanika kwa matauni mmene mungatsatire kugawanika kwa makaunti kwina.

Pamene malire alibe mlandu

Musanathere miyezi mukuzungulira makaunti, onetsetsani kuti chikalata chimene mukufunacho chinalembedwapo n'komwe ndipo chinapulumuka. Virginia inayamba kulemba za kubadwa ndi imfa mu 1853, inasiya mu 1896, n'kuyambiranso mu 1912, choncho palibe kaunti iliyonse imene ingakupatseni chikalata cha kubadwa cha mu 1820, ndipo tsiku limenelo lifunidwe m'kaundula wa mpingo, m'Baibulo la banja, pa mwala wa pamanda kapena m'mapepala a penshoni. Makhoti ambiri anapsa. Makaunti angapo a kum'mawa kwa Virginia, monga Hanover ndi James City, anatumiza mabuku awo ku Richmond kuti akasungike pa nthawi ya nkhondo, ndipo anapsera komweko pa moto wa pa 3 Epulo 1865. Kalembera wa mu 1890 pafupifupi yense anawonongeka chifukwa cha moto wa mu 1921 mumzinda wa Washington, ndipo wa mu 1790 ndi 1800 wa Virginia ndi Kentucky anasowa, moti ofufuza amadalira ndandanda za misonkho m'malo mwake.

Pamoto pamenepa ndi pamene kusuntha kwa malire kumasanduka thandizo. Ngati mabuku a kaunti imodzi anapsa, zaka zimene malowo anali pansi pa kaunti yakale zikhoza kukhala zathunthu ku khoti lina, ndipo chikalata cha malo cholembedwa pambuyo pake m'kaunti yatsopano nthawi zambiri chimabwereza mbiri ya malowo, kunena kuti anagulidwa kwa uje chaka chakuti ndipo anasiyidwira ana akutiakuti mu wilo ya bambo awo, motero chimasunga mfundo za wilo imene inapsa. Zimenezi n'zofunika kwambiri kwa amene akulondola makolo amene anali akapolo. Kalembera anayamba kuwalemba onse mayina mu 1870, ukapolo utatha, ndipo m'mbuyomo mayina awo amapezeka makamaka m'mawilo, m'ndandanda za chuma cha masiye ndi m'zikalata zogulitsana za amene ankawasunga mu ukapolo. Wofufuza wotere amayenera kutsata malire a malo a banja la mwini munda, ndiponso makaunti onse kumene ana aakazi a banjalo anakwatiwira, chifukwa anthu ankaperekedwa ngati mbali ya chuma cha ukwati n'kutengedwa kupita nawo kumeneko.

Kalembedwe ka malo ndi kafunsidwe ka zikalata

Kuti vutoli lisabwererenso kwa inu kapena kwa amene adzawerenge ntchito yanu, lembani malo monga mmene analili pa tsiku la chochitikacho, ndipo dzina la lero muliike m'mawu ofotokozera pambali. Mwana wobadwira ku Boonesborough mu 1782 anabadwira m'kaunti ya Lincoln, Virginia, ndipo pambali pake mulembe kuti lero ndi kaunti ya Madison, Kentucky. Pulogalamu ikafuna kukusinthirani dzinalo kuti ligwirizane ndi mapu a lero, ikanizeni. Mukamafufuza m'kabukhu kolozera zikalata ka FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya mabanja, fufuzani pansi pa dzina la kaunti iliyonse imene ili pa pepala lanu lija, chifukwa mabuku amaikidwa pansi pa kaunti imene inawalemba kapena imene ikuwasunga, ndipo kaunti imene inasamukira m'chigawo chatsopano, monga ya Lincoln, imapezeka pansi pa chigawo cha lero. Mabuku ambiri a makhoti anajambulidwa koma mayina ake sanalowetsedwe onse m'makina ofufuzira, choncho kulemba dzina n'kusapeza kanthu si umboni wakuti mulibe. Tsegulani zithunzi za bukulo, muwerenge ndandanda ya mayina imene kalaliki analemba koyambirira kapena kumapeto kwake, ndipo muyese kalembedwe kosiyanasiyana ka dzinalo popeza makalaliki ankalemba mmene amvera.

Mukamalembera kalata kalaliki wa khoti, musamupemphe kuti akufufuzireni banja lonse, chifukwa imeneyo si ntchito yake ndipo kalata zotere zimachedwa kuyankhidwa. Tchulani mtundu wa chikalata, dzina lonse la munthu, zaka zochepa zimene mukuganizira, ndipo ngati mwaona kale ndandanda ya mayina, nambala ya buku ndi tsamba, kenako mufunse mtengo wa kope. Onjezani mafunso awiri amene kalaliki aliyense angayankhe msanga: buku loyamba la mtundu umenewo likuyambira chaka chiti, ndipo kodi mabuku akale adakali ku khoti kapena anatumizidwa ku nyumba yosungira zikalata zakale ya chigawo. Yankho lililonse lakuti palibe mulilembe pamodzi ndi dzina la kaunti, buku limene linayang'anidwa ndi zaka zimene zinafufuzidwa, kuti mukadzabwerera ku pepala lanu la makaunti muthe kuona bwinobwino khoti limene simunalifunsebe.